Matumba Oimba a Kalabu ya Nkhuku

Padangotero, masiku aja nkhuku zinkadzigulira zokha chakudya. Amene muli nane khalani nane mpaka kumapeto, chifukwa nkhani iyi ndi ya uchitsiru, ndipo uchitsiru sukoma kuumva uli wekha.

Panali thadzi lina dzina lake Nangondo. Nangondo anaswa anapiye kawiri, ndipo kawiri konseko Kabawi anawatha mmodzimmodzi, mayi wawo akuona. Vuto lake linali lodziwika kwa aliyense. Mwanapiye akatuluka kukapalasa pabwalo, Kabawi amamuona ali m'mwamba. Akakhala pansi pa nkhokwe mpaka nthenga zitamera, amapulumuka. Koma pansi pa nkhokwe sipamera chakudya.

Tsiku lina Nangondo anaitana nkhuku zinzake nati, "Anzanga, tiyeni tisonkhe, tigule chakudya chambiri panopa kukadali masika, tisunge. Dzinja likafika anapiye athu azidyera m'kati, asatuluke. Ine kulira maliro kachitatu sindifuna."

Nkhuku zinavomera ndipo zinapanga kalabu. Posankha tcheyamani sizinasankhe mwini nzeru. Zinasankha Tambala, chifukwa cha mawu ake aakulu ndi lipombo lofiira lomwe linali pamutu pake. Tambalayu chibadwire anali asanafungatirepo dzira ngakhale limodzi, koma kuyambira tsiku limenelo ukamuitana popanda kunena kuti "a Tcheyamani" sankatembenuka. Bakha, yemwe ankagona nawo khola limodzi, anapatsidwa ntchito yotsegula misonkhano ndi pemphero, poti ankatha kupemphera mpaka omvera miyendo kuchita dzanzi.

Wogulitsa chakudya cha nkhuku kumeneko anali Mai Nkhanga, pafupi ndi chigayo. Ankasakaniza madeya, soya wokazinga ndi fumbi la usipa. Mayiwa sindiwayeretsa ayi. Pakamwa pawo panali pamwano, ndipo chidebe chawo choyezera anachiponda pansi kuti chizidzaza msanga. Koma malonda awo anali a poyera. M'mawa uliwonse ankakhuthula matumba pamphasa n'kuyanika padzuwa. Wogula ankapisa mlomo n'kulawa, ndipo akaona kachilombo kofumbwitsa chimanga kakuyenda m'madeyamo ankangokatola n'kumeza. Mai Nkhanga ankati ameneyo ndi basela.

Basela ameneyu anali abale ake a Nankafumbwe. Pamphasa imeneyo Nankafumbwe anataya malume ake, apongozi ake onse awiri, ndi ana oti anasiya kuwawerenga. Atatopa, anasonkhanitsa otsala n'kukwera nawo ngolo ya chimanga mpaka kuboma, kusitolo yaikulu ya Njovu. Kumeneko matumba ankasokedwa ndi makina, ndipo panalibe mlomo wopisa. Koma mwezi ukatha antchito ankatseka zitseko n'kuika mankhwala ophera tizilombo, banja n'kuchepanso.

"Uko milomo, kuno mankhwala," anatero Nankafumbwe kwa mkazi wake. "Pakufunika thumba loti lituluke musitolo muno, likafike pakhomo poti sakalitsegula."

"Thumba lotero lilipo?"

"Thumba lilipo. Chasowa ndi chitsiru cholinyamula."

Chitsirucho chinali kale m'njira. Tsiku logula litakwana, a Tcheyamani anatenga zosonkha za kalabu n'kuyambira kwa Mai Nkhanga. Anapisa mlomo m'madeya, analawa. Anapisanso. Atati apise kachitatu, Mai Nkhanga anawatchinga ndi lichero.

"Kulawa n'kamodzi, bambo. Kachitatu ndi kadzutsa."

"Mukudziwa kuti mukuyankhula ndi tcheyamani?"

"Kaya tcheyamani kaya mlembi, chotsani mlomo. Gulani mukadyere kwanu."

Misoti yomwe inali pamzere inaseka. A Tcheyamani lipombo linafiira kuposa kale. Anatembenuka osatsanzika, ulendo wa kuboma.

Musitolo ya Njovu pansi panali poterera, moti a Tcheyamani anagwa kawiri asanafike pomwe panali matumba. Kugwa kumeneko kunawasangalatsa. Anati mumtima, malo ogwetsa munthu ngati ine ndi malo apamwamba. Matumba anali atasanjidwa mpaka kudenga, ndipo lililonse linali ndi chithunzi cha thadzi loyera, lonenepa, lopanda nkhawa. Mwachizolowezi anatambasula khosi kuti alawe. Pomwepo panamveka kamawu kochokera mumsoko wa thumba.

"Pepani bwana, kuno salawa."

A Tcheyamani anayang'ana uku ndi uku koma sanaone aliyense.

"Akuyankhula ndani?"

"Ndine mlangizi wa thumba lino. Sitolo ino thumba lililonse limagulitsidwa ndi mlangizi wake m'kati. Kodi komwe mumagula sakupatsani mlangizi?"

"Amatipatsa basela."

"Basela," anatero Nankafumbwe. "Pepani. Ndi maonekedwe anuwo ndimayesa ndinu akuluakulu a boma, osati anthu a pamphasa."

"Ndine tcheyamani."

"Ndinaonera kulowa kwake. Ndiye kwa inu sindibisa. Chakudya cha kuno sichili ngati madeya oyanika padzuwa ngati zovala. Ichi chimapsa pang'onopang'ono m'thumba momwemo, monga zimachitira nthochi zovundika. Mukachitsegula chisanapse, mphamvu yonse imauluka."

"Nanga ndidziwa bwanji kuti chapsa?"

"Chikamapsa chimaimba. Tsiku limene chidzasiye kuimba, mudzatsegule."

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nankafumbwe anakodola banja lake, ndipo m'thumbamo munayamba kanyimbo. Kanali kapansipansi, koyenera kutchera khutu. Wotsogolera ankatamanda mwini nyumba chifukwa cha msinkhu wake ndi kudekha kwake, n'kumupempha kuti asunge bwino chitseko. Ana ankavomera pomuuza kuti asafulumire, poti mawa ndi tsikunso. Pakati pa mawuwo pankamveka phokoso la timano tikutafuna, koma a Tcheyamani anati ndi maseche.

Anagula thumbalo ndi theka la zosonkha, analikweza pawilibala, n'kubwerera kwawo chifuwa chili patsogolo.

Thumba linaikidwa pansi pa nkhokwe, pamwamba pa njerwa. Nkhuku zonse zinalizungulira kudzaona thadzi la pachithunzi. Misoti inayamba kuyesera kuima ngati ilo.

"Tsegulani tione zomwe mwagula," anatero Nangondo.

"Silitsegulidwa. Likupsa," anayankha a Tcheyamani.

"Munalawa?"

"Kumeneko salawa, mayi. Kulawa ndi khalidwe la pachigayo."

"Ndiye mwagula chinthu chomwe simunachione?"

"Chithunzicho simukuchiona?"

Nangondo anaisiya nkhaniyo, poti dzinja linali likadali kutali. Nkhuku zikuluzikulu zinkapalasa pabwalo monga mwa masiku onse, chifukwa Kabawi salimbana ndi nkhuku yaikulu. Madzulo zinkabwera kudzamvera thumba likuimba.

Patapita miyezi iwiri Nangondo anayamba kuikira mazira, ndipo chisa chake anachikonza pafupi ndi thumbalo. M'mawa wina anaona kaufa kotuwa kataunjikana panjerwa, kochokera m'misoko. Anakanunkhiza. Fungo limenelo ankalidziwa.

"A Tcheyamani, bwerani mudzaone. Thumba lanu lafumbwa."

A Tcheyamani anafika, nkhuku zina zili pambuyo. Anagogoda thumba ndi mlomo mwaulemu, ngati akuodira pakhomo pa apongozi.

"A mlangizi, akuti mwafumbwa."

"Ndani wanena?"

"Mai Nangondo."

"Mayiwa anaphunzira mpaka pati?" anafunsa Nankafumbwe. "Kaufako ndi zinyalala. Chakudya cha kusitolo chimadzipeta chokha, n'kutayira kunja zosafunika. Kwa Nkhanga zinyalala zomwezo mumazigula pamodzi ndi madeya, n'kuthokoza. Kuno tikukutayirani ulere, inu mukudandaula."

"Chimadzipeta chokha," zinanong'onezana nkhuku. Ina inati nthawi zonse inkadziwa kuti Mai Nkhanga amazidyetsa fumbi.

"Tsegulani pang'ono pokha, pakona," anapempha Nangondo. "Ngati ndanama mundiseke."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anatero mawu a mumsoko.

Kenaka nyimbo ija inayamba. Tsopano sinali yofuna kutchera khutu, chifukwa ovomera anali atachuluka. A Tcheyamani ankagwedeza mutu mbali yomwe inkatamanda msinkhu wawo, ndipo anauza nkhuku kuti kukwera kwa nyimbo ndi umboni wakuti chakudya chikuwonjezera mphamvu.

Nangondo anayamba kufungatira mazira asanu ndi anayi. Thadzi lofungatira silichoka pachisa kupitirira kanthawi kokamwa madzi, apo ayi mazira amazizira. Choncho Nangondo anakhala pamenepo usana wonse, maso ali pathumba, akuliona likuphwa. Thadzi la pachithunzi lija linayamba makwinya m'khosi. Mtima wa Nangondo unadzaza mantha, ndipo anatumiza mawu kwa Mai Nkhanga kuti abwere adzaone okha.

Mai Nkhanga anabwera, lichero lili m'khwapa. Sanaodire. Anaika khutu pathumba, analikankha ndi phazi, thumba n'kupendekeka ngati mtsamiro wakale.

"Mwagula mudzi wa anankafumbwe," anatero. "Muli mfumu, nduna ndi kwaya. Khuthulani lero, muyanike padzuwa, mupulumutsako theka. Otuluka mudye, ndi ndiwo zimenezo."

"Nsanje ya malonda," anatero a Tcheyamani.

"Nsanje ndi chiyani? Inu bambo lipombo lonseli m'mutumo mulibe kanthu?"

Nangondo analowererapo. "A Tcheyamani, thumba lanulo lisiyeni ngati mukulikonda. Koma theka la zosonkha lomwe latsala tigulire kwa mayiwa, kuti uku kukalephereka kwina kutigwire."

"Mapanga awiri avumbwitsa," anayankha a Tcheyamani, n'kuyang'ana nkhuku zonse kuti zione kuti miyambi amaidziwa.

Nkhuku zina zinayamba kukayika, poti thumba linali litaphwadi. Nankafumbwe anaona kuti zinthu zikupendama.

"Ndifunseko funso limodzi, a Tcheyamani," anatero ali mumsoko. "Mayi akuyankhula kwambiriwa abwera ndi chidebe chawo choyezera? Akachitenge, achitembenuze, tonse tione kunsi kwake."

Mai Nkhanga anayang'ana kumbali. Nankafumbwe sananame pamenepa, ndipo bodza limayenda bwino likaperekezedwa ndi kachoonadi. Nkhuku zinaiwala thumba, zinakumbukira chidebe. Iliyonse inayamba kufotokoza momwe inaberedwera. Zinawathamangitsa Mai Nkhanga mpaka kumpanda.

Ali kunja kwa mpanda Mai Nkhanga anatembenuka. "Nangondo mwana wa mnzanga, ndakumvera chisoni. Enanu mudzadye chithunzi."

Sabata yomweyo anagulitsa madeya awo onse kwa Nkhumba, anapinda mphasa n'kusamukira kwina komwe kunali ogula. Paja nkhanga zinapangana kusanapse.

"Nanga kuphwaku, a mlangizi?" anafunsa a Tcheyamani phokoso litatha, motsitsa mawu.

"Madzi akuchoka, mphamvu ikutsala. Komanso ndinene zoona, thumba likakhala lokha limazizidwa, limachedwa kupsa. Likadakhala ndi anzake awiri otsamirana nawo, bwenzi pano mukudya."

Chinavuta n'chakuti banja la Nankafumbwe linali litakula, zidzukulu zikukwatirana, malo atachepa. A Tcheyamani anatenga theka lotsala lija n'kukagula matumba ena awiri ocheperako. Anawatsamiritsa kuthumba loyamba, msoko ndi msoko, monga analangizira mlangizi. Masiku atatu asanathe matumba onse atatu ankaimba, limodzi likutsogolera, awiri akuvomera. Nkhuku zinaphunzira mbali ya ovomera ija yonena kuti asafulumire, ndipo zinkaiimba popalasa.

Mvula yoyamba itagwa, mazira a Nangondo anaswa onse asanu ndi anayi. Nangondo anawayang'ana anapiyewo akudzandira, ndipo chimwemwe chake chinasakanikirana ndi mantha. Masiku awiri oyamba mwanapiye sadandaula njala. Tsiku lachitatu anayamba kulira. Mayi wawo ankawasesera kaufa ka panjerwa kaja, koma kaufa ka nankafumbwe sikakhala m'mimba. Kunja, mthunzi wa Kabawi unkadutsa pabwalo m'mawa ndi masana.

Tsiku lachinayi Nankafumbwe anachita chibwana. Anali atanenepa, ndipo kunenepa kumachepetsa mantha. Anatuluka mumsoko dzuwa likuswa mtengo kuti awoloke kupita kuthumba lachitatu kukaweruza mkangano wa zidzukulu. Ali pakati pa njerwa, phazi la Nangondo linamutsikira pamsana.

Akanatha kumumeza pomwepo, ndipo malovu anadzazadi m'kamwa. Koma kumeza mmodzi sikukanatsegula matumba. Nangondo ankafuna kuti kalabu yonse ione ndi maso. Anaitana mokweza mpaka nkhuku zonse zinasonkhana, Bakha akubwera pambuyo.

"Mlangizi wanu ndi uyu," anatero Nangondo, n'kusuntha chala pang'ono kuti mutu ndi kamlomo kotalika zioneke. "Yankhula, akumve."

Nankafumbwe anaganiza mofulumira. Kukana kunali kosatheka, poti mawu ake nkhuku zonse zinkawadziwa.

"Muli bwanji a Tcheyamani," anatero modekha. "Pepani kuti mwandipeza pamalo osayenera."

"A mlangizi, ndinu nankafumbwe?"

"Kwambiri. Mumayembekeza kuti sitolo yaikulu ngati ija ingalembe ndani ntchito yoyang'anira chimanga? Gulugufe? Chimanga ndani amachidziwa kuposa ife? Koma musandiphatikize ndi aja a pamphasa. Aja ndi osaphunzira, amangodya. Ine ndinachita maphunziro."

"Anachita maphunziro," inatero nkhuku ina kumbuyo.

"Tsegulani matumba," anatero Nangondo. "Ana anga ali ndi njala. Ngati muli chakudya adye. Ngati muli anzake a uyu adyenso omwewo. Kulikonse ana anga apulumuka, bola mutsegule lero."

Mawu amenewa anali omveka moti ngakhale nkhuku zinawamva. Zingapo zinayamba kusendera kumatumba, ndipo ina inali itagwira kale nsonga ya ulusi. Nankafumbwe anamva phazi likulemera.

"Ndavomera," anatero. "Mayiwa ali ndi mfundo, ndipo ndiyankha zonse pamaso pa kalabu. Koma a Tcheyamani, kodi uwu ndi msonkhano kapena chipwirikiti? Kwathu kusitolo ngakhale nkhani ya tsache timayamba ndi pemphero. Kapena kuno mwambo umenewu simunaumve?"

"Tili nawo," anatero a Tcheyamani mwamanyazi. "Siyani ulusiwo. A Bakha, titsegulireni."

"Chinanso," anawonjezera Nankafumbwe. "Mayiwa apemphera atandiponda? Pemphero lotero lifika kuti?"

"Mai Nangondo, chotsani phazi."

"Athawa."

"Athawa bwanji pakati pa pemphero? Inu simuopa? Chotsani phazi."

Nkhuku ziwiri zinamukankha Nangondo mpaka phazi linachoka. Bakha anakonza kukhosi. Onse anaweramitsa mitu n'kutsinzina. Bakha anayamba ndi kuthokoza chifukwa cha mvula, kenaka chifukwa cha madzi a m'zithaphwi, kenaka anapempherera odwala chitopa a m'makola oyandikana, khola ndi khola.

Nangondo sanatsinzine. Anamuona Nankafumbwe akudzitambasula, akusasa fumbi, n'kuyamba kuyenda kulowera kuthumba. Sankathamanga n'komwe. Nangondo analumpha kuti amujompe, koma anagunda Bakha, pemphero n'kudukira pakati. Nkhuku ziwiri zija zinamugwira mapiko, maso zili chitsinzinire, n'kumunong'oneza kuti achite manyazi. Bakha anayambiranso pamvula. Pomwe amafika pa ameni, Nankafumbwe anali atalowa mumsoko kalekale, atamwa ndi madzi omwe.

"Tsopano," anatero a Tcheyamani, "nkhani yoyamba pamsonkhano uno ndi khalidwe la Mai Nangondo."

"Nkhani ndi matumba."

"Matumba ndi nkhani yachiwiri, nthawi ikalola. Mwasokoneza pemphero. Mwaponda mlendo wophunzira. A mlangizi, mwavulala?"

"Msana pang'ono," anayankha mawu a mumsoko. "Ine ndakhululuka. Chomwe ndikuopa n'chakuti chakudya chadzidzimuka. Chikufunika masiku atatu abata kuti chibwerere m'malo."

Nthawi sinalole. Kalabu inagamula kuti Nangondo ndi anapiye ake asunthire kumapeto kwa nkhokwe, ndipo misoti inayi inaikidwa kuti izilondera matumba kuopa thadzi lamisala. Misoti inanyadira ntchitoyo kwambiri.

M'kati mwa matumba Nankafumbwe analamula mwachidule. "Idyani zonse. Masiku atatu tikhale titachoka."

Nyimbo ya masiku atatu amenewo sinamvekeponso chikhalire. Matumba ankachita kunjenjemera. Wotsogolera anawonjezera ndime yothokoza alonda anayi ndi wopemphera, ndipo Bakha atamva anagwetsa msozi. Nkhuku zinkavina mozungulira, zikuvomera kuti asafulumire, pomwe kumapeto kwa nkhokwe anapiye asanu ndi anayi anali atasiya kulira chifukwa mphamvu yolirira inali itatha. Nangondo ankathamangira panja, n'kutola nyongolotsi imodzi, n'kuthamangiranso m'kati. Nyongolotsi imodzi pa milomo isanu ndi inayi ndi chipongwe chabe.

M'mawa wa tsiku lachinayi, alonda ali kalikiliki kudzikonza nthenga pamaso pa chithunzi, Nankafumbwe ndi mtundu wake wonse anatulukira kumisoko ya kumbuyo, n'kuuluka kukakwera ngolo ya chimanga yomwe inkadutsa. Matumba anangoti zii.

"Chapsa," analengeza a Tcheyamani.

Anaitanitsa nkhuku zonse, Bakha anapemphera, a Tcheyamani anayankhula za masomphenya awo ndi za anthu ena omwe ankafuna kubwezera chitukuko m'mbuyo. Atatha anagwira ulusi ndi mlomo n'kukoka. Thumba linatsegula pakamwa n'kupuma fumbi lotuwa, a Tcheyamani n'kuyetsemula. Anakhuthula. Munatuluka ufa wonunkha chuku, mankhusu obooka ndi zikhungwa za tizilombo. Anakhuthula lachiwiri ndi lachitatu, chimodzimodzi. Munalibe njere ngakhale imodzi, ndiponso munalibe nankafumbwe ngakhale mmodzi woti mwanapiye atole.

Nkhuku zinayang'anitsitsa fumbilo. Wina akanayesa kuti nzeru ikulowa.

"Mlangizi ananena," anatero a Tcheyamani akupukuta mlomo. "Anati chakudya chikadzidzimuka mphamvu imauluka. Anachidzidzimutsa ndani?"

Mitu yonse inatembenukira kumapeto kwa nkhokwe. Kenaka msoti wina anafunsa kuti matumba opanda kanthuwo atenga ndani, poti chithunzi chingakongoletse chisa. Mkangano unabuka pomwepo, nthenga zinathothoka, ndipo za chakudya sizinatchulidwenso.

Nangondo anadutsa pakati pa mkanganowo n'kuima pamaso pa a Tcheyamani. Mkwiyo unali utamuthera, kunangotsala kutopa.

"Bambo, sindikuimbani mlandu. Ana anga ndituluka nawo, apo ayi afera muno. Ndikupempha chimodzi chokha. Kwerani padenga la nkhokwe muziyang'ana kumwamba. Mukaona Kabawi mulire, mawu muli nawo. Ine ndiziwabisa."

"Imeneyo ndi ntchito ya mlonda," anayankha a Tcheyamani. "Ine ndikupita kuboma kukadandaula kwa a Njovu. Zimenezi zimafuna wa udindo."

"Kadandauleni sabata yamawa."

"Inu nkhani za maofesi simuzidziwa."

Ananyamuka. Nangondo anapempha Bakha, Bakha anati khosi lake siliyang'ana kumwamba koma awakumbukira m'mapemphero. Anapempha misoti, misoti inali ikukokerana thumba.

Choncho Nangondo anatuluka yekha ndi anapiye asanu ndi anayi. Thadzi silingapalase pansi n'kuyang'ananso kumwamba nthawi imodzi. Akaweramitsa mutu kuti afukule chiswe, mthunzi unkatsika. Anapiye anjala sathamanga. Tsiku loyamba Kabawi anatenga atatu. Tsiku lachiwiri anabwera ndi mkazi wake. Nangondo analimbana nawo mpaka diso limodzi linatupa, ndipo Kabawi pouluka anamuthokoza mwachipongwe chifukwa chowatulutsa msanga chaka chino.

A Tcheyamani anabwerako patapita masiku anayi. A Njovu sanawaone, poti anali pamsonkhano, koma wa pakhomo anawapatsa chipewa cha pepala chokhala ndi dzina la sitolo kuti achoke. Anachivala pamwamba pa lipombo ulendo wonse. Nkhuku zinawalandira ndi nthungululu, zikusirira chipewa.

Ataonetsa chipewacho kwa onse, anakumbukira kuti tcheyamani wabwino amayendera mamembala. Anapita kumapeto kwa nkhokwe komwe Nangondo anakhala atafutukula nthenga.

"Zikuyenda, mayi? Ana ali bwanji?"

Nangondo anangokweza phiko. Pansi pake panali mwanapiye mmodzi, woonda, akunjenjemera.

A Tcheyamani anawerama, anasuzumira, anakonza chipewa chomwe chinkafuna kugwa.

"Mmodzi yekha?" anafunsa. "Ndiye phokoso lonse lija, mayi, linali la kamwanapiye kamodzi?"

Nthano yanga yafera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule yekha, ine mtima wandiwawa.